Kuwala kwa pa Tabori: chimene Barlaam ndi amonke a ku Athos ankakanganirana

Cha m'ma 1337, mphunzitsi wina wotchuka mu ufumu wa Byzantium, umene likulu lake linali Constantinople, dzina lake Barlaam, anapita kukacheza ndi amonke ena ku Tesalonika kuti amve m'mene amapempherera. Zimene anamva zinamuimitsa mutu. Anamuuza kuti amakhala pa kampando kafupi m'chipinda chotseka, chibwano chili pachifuwa, maso ali cha pamchombo, n'kumakoka mpweya pang'onopang'ono uku akubwereza kapemphero kamodzi. Anamuuzanso kuti wopirira m'njira imeneyi amafika poona kuwala, ndipo kuwalako n'komwe kuja Petro, Yakobo ndi Yohane anaona pa phiri la Tabori nkhope ya Yesu itawala ngati dzuwa. Barlaam anawatcha dzina lonyoza la Chigiriki, omphalopsychoi, kutanthauza anthu amene mzimu wawo uli pamchombo, ndipo anakawaneneza kwa akuluakulu a mpingo.

Mlandu umenewu unatha zaka 14 usanagamulidwe kotheratu, unadutsa m'misonkhano ingapo ya mabishopu yotchedwa sinodi, unalowerera m'nkhondo yapachiweniweni, ndipo mpaka lero ndi umodzi mwa mipata imene ili pakati pa mpingo wa Orthodox wa kum'mawa ndi mipingo ya kumadzulo. Anthu ambiri akaimva nkhaniyi amakodwa ndi za mchombozo. Koma funso limene linavuta linali lina: munthu akanena kuti wakumana ndi Mulungu m'pemphero, wakumana ndi Mulungu mwini wake, kapena wangokhudza chinthu chimene Mulungu wapanga n'kumutumizira?

Pemphero la chete ndi m'mene ankalichitira

Amonkewa ankatchedwa ndi dzina lochokera ku mawu a Chigiriki akuti hesychia, kutanthauza bata, kukhala chete kunja ndi m'kati momwe. Likulu lawo linali phiri la Athos, ndomo yaitali yolowa m'nyanja kumpoto kwa Greece, kumene nyumba yaikulu yoyamba ya amonke, Great Lavra, inamangidwa mu 963. Lero kuli nyumba zikuluzikulu 20, ndipo akazi saloledwa kupondako.

Mwambo wawo sunayambire pa Athos. Unachokera kwa amonke a m'chipululu cha Igupto ndi a ku Sinai, amene ankafuna kumvera lamulo la Paulo pa 1 Atesalonika 5:17 lakuti pempherani kosaleka. Munthu sangathe kuimba masalimo usana ndi usiku, koma mawu ochepa angathe kukhala pakamwa pake akuluka dengu kapena akutunga madzi. Mawu amene anakhazikika ndi awa: Ambuye Yesu Khristu, Mwana wa Mulungu, mundichitire chifundo. Ambiri amawonjezera kuti ine wochimwa. Aliyense wodziwa Uthenga Wabwino amva m'menemo kulira kwa Bartimeyu wakhungu m'mbali mwa msewu wa ku Yeriko, ndi kwa wamsonkho uja anaima patali m'Kachisi akudziguguda pachifuwa. John Climacus, mkulu wa amonke a ku Sinai m'zaka za m'ma 600, analangiza kuti kukumbukira Yesu kulumikizane ndi mpweya wa munthu.

Zokhudza kakhalidwe ka thupi zinalembedwa bwinobwino mochedwa, m'zaka za m'ma 1200 ndi 1300, makamaka ndi mmonke Nikephoros wa pa Athos ndi Gregory wa ku Sinai, amene anamwalira mu 1346. Wopemphera amalowa m'chipinda chake n'kutseka chitseko. Amakhala pa kampando kotsika kwambiri, kutalika kwake ngati chikhatho chotambasula, kotero kuti mawondo amakwera ndipo msana umapindika. Amatsitsa mutu, chibwano n'kukhudza chifuwa. Kakhalidwe kameneka ankakatengera kwa Eliya pa phiri la Karimeli, amene anawerama pansi n'kuika nkhope yake pakati pa mawondo, monga 1 Mafumu 18:42 akunenera. Kenako amachepetsa liwiro la mpweya, osati kuumitsa, koma kupuma modekha kuti maganizo nawo adekhe. Pokoka mpweya amatsogolera maganizo ake kutsika nawo mpaka pamtima, n'kuwasunga pomwepo ndi mawu a pemphero aja. Ena amagawa pempherolo pawiri, theka loyamba pokoka mpweya, lachiwiri potulutsa. Gregory wa ku Sinai analola kuti munthu akatopa ndi theka limodzi asinthe n'kutenga linalo, koma osasinthasintha, chifukwa mbewu yozulidwa kawirikawiri simera mizu. Ananenanso poyera kuti khosi ndi mapewa zidzapweteka.

Mtima m'chiphunzitsochi si malo a kutengeka chabe. Ndi pakati pa munthu yense, pamene nzeru, chifuniro ndi thupi zimakumana, monga momwe ifenso timanenera kuti munthu uyu ndi wa mtima wabwino kapena wasintha mtima. Vuto limene ankalimbana nalo ndi lakuti maganizo amayendayenda ngati mbuzi yoduka chingwe, ndipo ntchito ya wopemphera ndi kuwabweza pakhomo. Pemphero limayamba pamilomo, kenako limalowa m'maganizo osatulutsa mawu, ndipo pomaliza, Mulungu akalola, limakhazikika mumtima n'kumayenda lokha ngakhale munthu ali pantchito. Powerengera amagwiritsa ntchito chingwe cha ubweya wa nkhosa cholukidwa mfundo, kawirikawiri 33, 50 kapena 100, chimene chimagwira ntchito yofanana ndi kolona. Kuchuluka kwa mapemphero pa tsiku amaika ndi mkulu wauzimu amene akumuyang'anira munthuyo, osati mwini wake.

Aphunzitsiwa sanalonjeze zokoma msanga. Kabuku kena kakale ka malangizo amenewa kamanena kuti poyamba munthu amapeza mdima wokhawokha ndi kuuma, ndipo chimwemwe chimadza kwa wopirira usana ndi usiku. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chimene Barlaam sanachimvetse, kapena amene anamufotokozera sanachitchule, n'chakuti aphunzitsi a njirayi ndi amene ankakayikira masomphenya koposa wina aliyense. Ngozi yaikulu ankaitcha plani m'Chigiriki, prelest m'Chisilavo: kunyengeka kwauzimu, pamene munthu atenga za m'mutu mwake kapena za mdierekezi n'kumaziyesa za Mulungu. Anafotokoza njira zake. Wopemphera akakweza maso kumwamba n'kumadzijambulira m'maganizo angelo, oyera mtima ndi ulemerero wa kumwamba, thupi limatenthedwa, misozi imatsika, ndipo posakhalitsa amayamba kuona kuwala ndi maso, kumva fungo lokoma ndi mawu. Amadziyesa wafikapo, amaleka kumvera uphungu, ndipo olemba akalewo ananena kuti ena otere anafika pozungulira mutu. N'chifukwa chake lamulo linali lakuti pemphero likhale lopanda chithunzi chilichonse m'maganizo. Gregory wa ku Sinai analangiza kuti ukaona kuwala, moto, kapena maonekedwe a Khristu kapena mngelo, usawalandire, pokumbukira chenjezo la Paulo pa 2 Akorinto 11:14 lakuti Satana amadzionetsa ngati mngelo wa kuunika.

Koma bwanji ngati ndi Ambuyedi amene wabwera, munthu n'kumukana? Diadochos, bishopu wa ku Photike m'zaka za m'ma 400, anayankha ndi fanizo. Mwini nyumba wabwera usiku kuchokera ku ulendo wautali ndipo akuitana ali kunja kwa mpanda. Wantchito wake akukana kutsegula, poopa kuti mwina ndi wakuba amene akutsanzira mawu a bwana wake. Kukacha, mwini nyumbayo samukalipira wantchito uja, koma amamuyamikira, chifukwa anasunga katundu amene anamusiyira. Momwemonso Mulungu sakwiyira munthu amene wakana masomphenya chifukwa choopa kunyengedwa.

Panalinso zolakwika za thupi. Kuumitsa mpweya mwamphamvu kumachititsa chizungulire ndi kuthwanima m'maso, ndipo wosadziwa amaziyesa zauzimu. Kulunjika maganizo pachifuwa nthawi yaitali kumabweretsa kutentha kwa magazi wamba, kumene munthu angakuyese moto wa Mzimu Woyera. Maganizo akatsika kupitirira mtima n'kufika kumimba, amadzutsa chilakolako cha thupi m'malo mwa kulapa. Pa zifukwa zimenezi mabishopu awiri a ku Russia a m'zaka za m'ma 1800, Ignatius Brianchaninov ndi Theophan, analangiza kuti wopanda mphunzitsi wodziwa azisiye za mpweya ndi kampandozo, angonena mawuwo mofatsa ndi mosamala, ndi mtima wolapa. Chizindikiro chimene ankachikhulupirira sichinali kuwala koma zipatso: kudzichepetsa, misozi ya kulapa, mtendere, kukonda adani. Kunyengeka kumabala kudzitama, phuma ndi kukwiya ukadzudzulidwa.

Barlaam ndi funso lake

Barlaam anali Mgiriki wa ku Seminara m'chigawo cha Calabria, kum'mwera kwa Italy, ndipo anafika ku Constantinople cha m'ma 1330. Ankadziwa masamu, za nyenyezi ndi nzeru za Aristotle, woganiza mozama wakale wa Chigiriki, ndipo mfumu inkamudalira. Mu 1334 ndiye anayankhulira mpingo wa kum'mawa pokambirana ndi nthumwi za Papa, ndipo mu 1339 anatumidwa ku Avignon kwa Papa Benedict XII. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo ka Barlaam kanali kakuthwadi.

Mkangano wake ndi Gregory Palamas, mmonke wa pa Athos amene anadzateteza amonke anzake, unayamba za mchombo zisanatchulidwe n'komwe. Kumadzulo ankaphunzitsa kuti Mzimu Woyera amachokera kwa Atate ndi kwa Mwana, kum'mawa ankati kwa Atate okha. Potsutsa a kumadzulo, Barlaam anati Mulungu ndi wosadziwika, choncho palibe amene angatsimikize ndi nzeru za umunthu za m'kati mwa Utatu Woyera. Palamas anaona kuti mfundo imeneyi ikugwetsa nyumba zonse ziwiri: ngati Mulungu sadziwika ndithu, ndiye kuti a kum'mawa nawonso sakudziwa chimene akunena. Iye anati Mulungu ndi wosafikirikadi, koma wadziulula, ndipo amadziwika kwa amene wawayeretsa mtima.

Palamas anabadwa mu 1296 m'banja la kunyumba yachifumu, anaphunzira bwino, ndipo ali ndi zaka pafupifupi 20 anasiya zonse n'kupita ku Athos. Kwa zaka zingapo anakhala pafupi ndi Berea, masiku asanu pa sabata ali yekhayekha, Loweruka ndi Lamulungu n'kumatsika kukapemphera ndi abale ndi kulandira Ukaristia. Pakati pa 1338 ndi 1341 analemba makalata asanu ndi anayi oteteza amonke, ogawidwa atatuatatu, n'chifukwa chake amadziwika kuti Triads.

Barlaam ankawaneneza amonkewo milandu itatu. Woyamba unali wa thupi: Mulungu ndi mzimu, ndiye mphuno, mapapo ndi mchombo zikulowa bwanji m'pemphero? Iye ankaona kuti munthu amayandikira Mulungu pozimitsa za thupi ndi kukweza nzeru. Wachiwiri unali wakuti amonkewa ndi Amesaliya, gulu limene linatsutsidwa pa msonkhano wa ku Efeso mu 431, limene ankalinena kuti limanyoza ubatizo, limadalira pemphero lokha, ndipo limati limaona Mulungu ndi maso a thupi. Wachitatu, umene unali wolemera koposa, unali wa kuwala. Chilichonse chooneka ndi cholengedwa, anatero Barlaam. Kuwala kwa pa Tabori kunali chizindikiro chimene Mulungu anapanga kuti aphunzitse atumwi, kunaoneka n'kuzimiririka. Mukanena kuti n'kosalengedwa, ndiye kuti mwina mukunena kuti anthu aona Mulungu m'kati mwake, zimene Malemba amakana, kapena mwaika chinthu chachiwiri chosalengedwa pambali pa Mulungu, ndiye muli ndi milungu iwiri.

Funso limeneli si lachibwana, ndipo Barlaam sanalakwe kulifunsa. Mpingo umene sufunsa amene akuti aona zinthu umatsegula khomo kwa wonyenga aliyense.

Pa za thupi Palamas anayankha mosavuta, ndipo apa ndi pamene anali wamphamvu kwambiri. Mawu anasandulika thupi. Paulo akuti thupi ndi kachisi wa Mzimu Woyera. Timabatizidwa ndi madzi pathupi, timadya Mgonero ndi pakamwa, ndipo tikuyembekezera kuuka kwa thupi. Nanga thupi lingatsalire bwanji panja pa nthawi ya pemphero? Kuganiza kuti thupi ndi ndende ya mzimu ndi nzeru za Plato, woganiza mozama wa Chigiriki, si za Uthenga Wabwino. Koma anavomerezanso kuti za mpweyazo ndi chothandizira oyamba kumene, amene maganizo awo sanazolowere kukhala pamodzi, ndipo pazokha sizibweretsa chisomo. Pa za Amesaliya anati amonke ake amakhala m'masakramenti, ndipo pemphero limangovundukula chimene ubatizo unaika kale mumtima.

Phata ndi mphamvu

Pa za kuwala anafunika kulowa mozama. Malemba ali ndi mawu a mitundu iwiri amene amaoneka ngati akugundana. Yohane 1:18 akuti palibe munthu anaona Mulungu, ndipo 1 Timoteo 6:16 akuti amakhala m'kuunika kosayandikika. Koma Mateyu 5:8 akuti oyera mtima adzaona Mulungu, ndipo 2 Petro 1:4 akuti tidzakhala ogawana nawo umulungu wake. M'chaputala chimodzi chokha, Eksodo 33, timamva kuti Yehova ankayankhula ndi Mose maso ndi maso ngati munthu ndi bwenzi lake, kenako timamva kuti palibe munthu angaone nkhope yake n'kukhala ndi moyo. Palamas anakana kufewetsa mbali iliyonse. Zonse ziwiri ziyenera kukhala zoona kwathunthu.

Anagwiritsa ntchito mawu awiri a Chigiriki. Ousia ndi chimene Mulungu ali mwa Iye yekha, titi phata la Umulungu. Chimenechi palibe cholengedwa chingachidziwe kapena kugawana nacho, kaya mngelo kaya woyera mtima, lero kapena m'moyo ulinkudza. Energeia ndi Mulungu m'kuchita kwake, Mulungu akutulukira kwa zolengedwa zake kudzapereka moyo, kuyeretsa, kuunikira ndi kukonda, titi mphamvu zake. Apa m'pofunika kusamala, chifukwa ambiri amasokoneza. Mphamvuzi si zinthu zimene Mulungu wapanga. Mayi akaumba mbiya, mbiyayo ndi chinthu china chosiyana naye, koma kuumbako ndi iye mwini akugwira ntchito. Dziko ndi mbiya. Chisomo, chimene Akatolika kwathu amachitcha chaulere, sichili m'gulu la mbiya: ndi dzanja la woumba likukhudza dothi. Choncho n'chosalengedwa, ndipo wochilandira walandira Mulungu mwini, osati nthumwi kapena chithunzi chake. Komabe sanalowe m'phata la Umulungu, ndipo sanasanduke munthu wachinayi wa Utatu.

Makolo a mpingo ankakonda fanizo la chitsulo m'ng'anjo. Wosula akaika khasu pamakala n'kupukusa mvukuto, chitsulo chimafiira mpaka kuwala, ndipo chikakhudza udzu chimauyatsa. Chatenga kutentha ndi kuwala kwa moto weniweni, osati chithunzi cha moto. Koma chikadali chitsulo, nyundo ikachimenya chimalira ngati chitsulo. Umu ndi m'mene a kum'mawa amamvera chiphunzitso chawo cha theosis, chimene Athanasius wa ku Alexandria anachinena kuti Mulungu anakhala munthu kuti munthu akhale ngati Mulungu, mwa chisomo osati mwa chibadwa.

Kuwala kwa pa Tabori, anatero Palamas, ndi mphamvu yotereyi. Potsatira John wa ku Damasiko, anati paphiri paja Yesu sanavale ulemerero umene analibe, koma anatsegula maso a atumwi kuti aone umene anali nawo kuyambira kale. Si maso wamba amene anaona, ndipo si nzeru wamba. Mzimu anasintha openyawo kuti athe kupenya, n'chifukwa chake anatengedwa atatu okha, ndipo m'busa amene akanakhala m'munsi mwa phiri sakanaona kanthu. Dzina lakuti Tabori, tinene, silipezeka m'nkhani za Mateyu 17, Marko 9 ndi Luka 9, limachokera ku mwambo wakale wa mpingo.

Palamas sanavomere kuti akubweretsa zatsopano. Anatchula Basil wa ku Kaisareya, amene m'zaka za m'ma 300 analemba m'kalata kuti timamudziwa Mulungu mwa mphamvu zake koma sitinena kuti tikuyandikira phata lake. Anatchulanso msonkhano wachisanu ndi chimodzi wa mpingo wonse, wa mu 680 ndi 681, umene unagamula kuti mwa Khristu muli kuchita kuwiri, kwa Umulungu ndi kwa umunthu. Ngati kuchita kwa Umulungu kuli kolengedwa, ndiye kuti Umulungu wakenso ndi wolengedwa. Anawonjezera mfundo ina yovuta kuizemba: ngati palibe kusiyana kulikonse pakati pa phata la Mulungu ndi kufuna kwake, ndiye kulenga dziko ndi kubala Mwana zikhala chinthu chimodzi, dziko likhala lamuyaya ngati Mwana, ndipo Mulungu sakanatha kusalenga.

Sinodi m'kati mwa nkhondo

Mu 1340 akuluakulu a pa Athos anasaina chikalata chogwirizana ndi Palamas. Pa 10 June 1341 sinodi inakumana m'tchalitchi cha Hagia Sophia, mfumu Andronikos III ili pampando, ndipo Barlaam anagonja tsiku lomwelo. Anabwerera ku Italy, analowa mpingo wa Roma, anaphunzitsako mlakatuli Petrarch Chigiriki ku Avignon, ndipo mu 1342 anakhala bishopu wa ku Gerace. Anamwalira mu 1348.

Nkhani ikanathera pomwepo, koma patangopita masiku asanu chichitikire sinodi mfumu inamwalira, n'kusiya mwana wa zaka zisanu ndi zinayi. Ufumu unang'ambika pakati pa John Kantakouzenos, bwenzi ndi nduna yaikulu ya malemuyo, ndi gulu la mfumukazi Anna wa ku Savoy pamodzi ndi mkulu wa mabishopu wa ku Constantinople, John Kalekas. Amene ananyamula mlandu wotsutsa Palamas tsopano anali Gregory Akindynos, amene kale anali bwenzi lake. Akindynos analibe vuto ndi pemphero la amonke. Vuto lake linali mawu a Palamas, makamaka pamene m'kalata ina anayankhula ngati pali umulungu wapamwamba ndi wapansi. Sinodi ya mu August 1341 inamutsutsa Akindynos, koma mphepo itatembenuka Kalekas anamukweza. Palamas, amene ankaonedwa ngati wa Kantakouzenos, anatsekeredwa mu 1343 ndipo anachotsedwa mumpingo mu 1344. Mu February 1347 sinodi ina inachotsa Kalekas paudindo, Kantakouzenos analowa mumzinda, ndipo chaka chomwecho Palamas anadzozedwa kukhala bishopu wamkulu wa ku Tesalonika. Sanathe kulowa mumzindawo mpaka 1350, chifukwa gulu lotchedwa Azelote limene linkaulamulira linkadana ndi Kantakouzenos.

Pali amene amati chiphunzitso cha Palamas chinapambana chifukwa mbali yake inapambana nkhondo. Ndale zinalowereradi, ndipo mbali zonse ziwiri zinagwiritsa ntchito ndende potseka pakamwa anzawo, chinthu chomvetsa chisoni pa nkhani ya pemphero. Koma mizere sinali yowongoka chotero. Nikephoros Gregoras, wotsutsa wamkulu wachitatu, anali bwenzi la Kantakouzenos. Demetrios Kydones, nduna ya Kantakouzenos yemweyo, sanagwirizane ndi Palamas. Ndipo chigamulo sichinasinthe Kantakouzenos atatula pansi ufumu mu 1354.

Chigamulocho chinaperekedwa mu 1351 pa sinodi ya ku nyumba yachifumu ya Blachernae. Inavomereza kuti mwa Mulungu muli kusiyana pakati pa phata ndi mphamvu, kuti mphamvuzo n'zosalengedwa, kuti kusiyanaku sikumugawa Mulungu zidutswa, kuti dzina lakuti Umulungu lingatchulidwe pa mphamvuzo, kuti phata limaposa mphamvu monga gwero liposa chotuluka mwa ilo, ndi kuti zolengedwa zimagawana ndi mphamvu osati phata. Gregoras anatsekeredwa m'nyumba ya amonke ya Chora. Mu 1368 Palamas anaikidwa m'gulu la oyera mtima, ndipo mpingo wa Orthodox umamukumbukira Lamulungu lachiwiri la Lenti chaka ndi chaka.

Chifukwa chake kumadzulo sanazilandire

Mu 1336, mkanganowu ukuyamba kumene, Papa Benedict XII anali atalengeza kuti odala kumwamba amaona phata la Mulungu maso ndi maso, popanda cholengedwa chilichonse choima pakati ngati chinthu choonedwa. Mawu amenewa ndi otsutsana poyera ndi a mu 1351. Kumbuyo kwake kuli Thomas Aquinas, mphunzitsi wamkulu wa mpingo wa Roma wa m'zaka za m'ma 1200, amene anaphunzitsa kuti Mulungu alibe magawo a mtundu uliwonse: nzeru zake, chikondi chake ndi kuchita kwake ndi phata lake lomwelo, ndipo kusiyana kumene timaona kuli m'kamvedwe kathu. Kwa Aquinas, Mzimu Woyera amakhaladi mwa wokhulupirira, koma chisomo choyeretsa ndi mphatso yolengedwa m'mzimu wa munthu imene imamukonza kuti alandire Mlendoyo, ndipo kumwamba Mulungu amapatsa nzeru za munthu kuunika kwa ulemerero kuti zithe kumuona. Amaona phata, koma samalimvetsa lonse, monga woima pagombe amaonadi nyanja koma saitha ndi maso.

Mbali zonse ziwiri zikuteteza zinthu ziwiri zofanana, kuti munthu amalumikizanadi ndi Mulungu ndi kuti Mulungu sathera m'manja mwa munthu. Zimasiyana pamene zaika malire. Palamas anaika malirewo mwa Mulungu, pakati pa phata ndi mphamvu. Aquinas anawaika mwa munthu, pakati pa kuona ndi kumvetsa zonse. Iliyonse ili ndi pamene imatsimphina. Wa kumadzulo amafunsa: ngati kusiyanako kuli kwenikweni mwa Mulungu, akhala bwanji wopanda magawo, ndipo kodi munthu sakhala kunja kwa chipinda cham'kati mpaka muyaya? Wa kum'mawa amafunsa: cholengedwa chingamufikitse bwanji munthu kwa Wosalengedwa, ndipo ngati kuchita kwa Mulungu ndi phata lake, ufulu wake wolenga kapena kusalenga uli pati? Pa funso lachiwirili yankho la kumadzulo limavutika kwambiri, ndipo pa loyambalo sinodi ya 1351 inanena motsimikiza kuti Mulungu sagawika kuposa m'mene inafotokozera kuti zimatheka bwanji.

Kugundanaku kunayamba m'Constantinople momwemo. Demetrios Kydones anamasulira Aquinas m'Chigiriki kuyambira mu 1354, ndipo mbale wake Prochoros, mmonke wa pa Athos, anagwiritsa ntchito mfundo za Aquinas potsutsa Palamas mpaka anatsutsidwa ndi sinodi ya mu 1368. Pa msonkhano wofuna kuyanjanitsa mipingo wa ku Ferrara ndi Florence mu 1438 ndi 1439 nthumwi za Agiriki zinaipewa nkhaniyi. Inadzukanso m'zaka za m'ma 1900, pamene Martin Jugie wa Chikatolika anaitsutsa mwamphamvu, ndipo Vladimir Lossky ndi John Meyendorff, Aorthodox ochokera m'mabanja a ku Russia amene anakhala ku Paris, anaiika pakati penipeni pa chiphunzitso cha kum'mawa. Masiku ano akatswiri ambiri a mbali zonse amayesa kuona ngati ziyankhulo ziwirizi zingamvane, ndipo Akatolika ena a miyambo ya kum'mawa amamukumbukira Palamas m'mapemphero awo.

Pemphero lenilenilo linayenda ulendo wake. Zolemba za aphunzitsi ake zinasonkhanitsidwa m'buku la Philokalia, limene linasindikizidwa ku Venice mu 1782 ndi khama la Macarius wa ku Korinto ndi Nicodemus wa pa Athos, ndipo la Chisilavo la Paisius Velichkovsky linatuluka ku Moscow mu 1793. Kuchokera apo linafika kwa alimi ndi apaulendo a ku Russia, ndipo lero Akatolika, Aangilikani ndi Achipulotesitanti ambiri amalinena osadziwa n'komwe za Barlaam.

Pa Athos pomwepo funso lija linabukanso m'maonekedwe ena. Buku la mmonke Ilarion la mu 1907 linaphunzitsa kuti dzina la Mulungu ndi Mulungu mwini, ndipo amonke ambiri a ku Russia a m'nyumba ya Panteleimon ndi ya Andreya Woyera analandira mawuwo, motsogozedwa ndi Antony Bulatovich, amene kale anali msilikali ndipo anayendapo ku Ethiopia. Iwo ankati dzinalo ndi mphamvu ya Mulungu, choncho malinga ndi chigamulo cha mu 1351 ndi Mulungu. Otsutsa, nawonso akutchula Palamas, ankati zilembo ndi mawu otuluka pakamwa pa munthu ndi zolengedwa, ndipo kuziyesa Mulungu n'kusandutsa pemphero kukhala chithumwa. Sinodi ya mpingo wa ku Russia inatsutsa chiphunzitsocho mu May 1913. Mu July chaka chomwecho asilikali a ku Russia amene anabwera pa sitima zapamadzi anathira amonke okana kugonja madzi a m'mipope yozimitsira moto, anawatulutsa m'nyumba zawo, ndipo oposa 800 anatengedwa kupita ku Odessa, kumene ambiri anavulidwa mikanjo ya umonke n'kutumizidwa kumidzi kwawo.